Penti wa tindege ndi nyengo ya pansi pa phiri

Ndege ya Dakota, imodzi mwa zimene Air Malawi inayamba nazo ntchito mu 1964, ili ndi mapiko otambalala pafupifupi mamita 29 kuchokera nsonga ina kufika inzake. Mukaichepetsa ka 72, monga amachitira a kampani ya Airfix pa tindege tawo ta pulasitiki tomanga wekha, mapikowo amatsala masentimita 40 okha, moti kandege konse kamakwana pathebulo lodyera n'kutsalako malo a mbale. Chilichonse chimachepa ka 72: zitseko, mawindo, timisomali, ngakhale timizere tosonyeza pamene malata akumanirana. Chimene sichichepa nawo ndi penti. Iye amatuluka m'chitini mmene alili basi. Mukapaka wokandapala gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, amene diso silingamuyeze n'komwe, pa ndege yeniyeni ndiye kuti mwamata penti wa mamilimita 7 thupi lonse. Timizere timakwiririka, timisomali timasowa, ndipo chimene chimatsala patebulo ndi chidole chonenepa chimene palibe angakhulupirire kuti chinaulukapo ku Chileka.

Ndimamanga timagalimoto ndi tindege timeneti kuno ku Mulanje. Ndinayambira pa galimoto za mawaya ngati mnyamata aliyense wa kuno, ndipo pa waya nkhani ya penti kulibe, umangokulunga kansalu kofiira basi yatha. Zapulasitikizi ndinazidziwa nditakula kale. Kudula tizidutswa, kupala ndi sandipepa, kumata ndi guluu, zonsezi manja amazolowera msanga. Penti ndiye amagwetsa anthu ulesi, chifukwa kachitini komweko, burashi yomweyo, munthu yemweyo, lero zikongola, Loweruka likudzali zinyansa, ndipo suona chimene wasintha.

Vuto limayambira kutali, pa njira imene penti amafikira kuno. Tizitini ta Humbrol ta 14 ml kapena timabotolo ta Tamiya ta 10 ml simungatipeze pa Chitakale kapena pa Limbuli. Timadalira wachibale amene akuchokera ku Johannesburg, ndipo poti penti wosungunulira ndi thina amagwira moto, pa ndege ndi pa positi amamukaniza kawirikawiri. Ndiye amabwera pa basi, m'chikwama chimene chaphikika ndi dzuwa la ku Tete. Akafika timamusunga ngati mankhwala, zaka ndithu, chifukwa wina adzabwera liti? Mnzathu wa ku London penti akamuvuta amataya n'kukagula wina masana omwewo. Ife timagwira ntchito ndi penti wokalamba, amene watsekulidwa n'kutsekedwa kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse chivindikiro chikachoka, kamadzi kosungunulira kamauluka pang'ono. Choncho malangizo a pa intaneti akuti thirani madontho awiri a thina pa dontho limodzi la penti amanena za kachitini katsopano. Kanu kaja ka zaka zinayi sikakuwadziwa malangizowo.

M'kachitini muli zinthu zitatu: ufa wa mtundu, zomatira zimene zimagwira ufawo pa pulasitiki, ndi madzi osungunulira amene ntchito yake ndi kunyamula ziwirizo kenako n'kuchoka. Ufa ndi wolemera, umatsikira pansi. Pa penti wosawala muli ufa winanso umene umapha kunyezimira, ndipo nawo umakhala pansi pomwepo, n'kugwirana ngati chithope. Mukangogwedeza kachitini kawiri katatu n'kuviika burashi, mwatenga zapamwamba zokha, zomatira zopanda ufa wokwanira. N'chifukwa chake penti wolembedwa kuti ndi wosawala amauma akunyezimira, osabisa pulasitiki, mwinanso kunanda sabata yathunthu. Ambiri amati agula penti wachinyengo, pomwe penti weniweniyo wamusiya pansi pa kachitini.

Kugwedeza kokha sikuthandiza pa enamel, penti wamafuta wosungunulira ndi thina, pamafunika kutakasa. Ine ndimagwiritsa ntchito sipoko ya njinga imene ndinaipinda kunsonga, ndipo ndimakanda pansi ndi m'mbali mpaka nsongayo itasiya kutuluka ndi chithope. Zimatenga mphindi zingapo, ndipo n'zotopetsa, koma theka la madandaulo a penti limathera pamenepa. Anzanga ena amaponya m'botolo timipira tachitsulo ta m'habu ya njinga kuti tizivundula akamagwedeza. Mu enamel zimatheka. Mu acrylic wosungunulira ndi madzi timipirato timachita dzimbiri, ndipo penti wanu woyera adzasanduka wofiirira musanadziwe. Mikanda ya galasi imagwira ntchito yomweyo popanda vuto limenelo, bola muipemphe bwino kwa eni ake, musangoidula pa ulusi.

Tsono kulimba kwake kukhale kotani? Omanga tindege dziko lonse ali ndi lamulo limodzi lotchuka, loti penti wopopera ndi airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, akhale ngati mkaka. Lamuloli ndi labwino ndithu, koma mkaka wake uti? Wa m'mawa wongokama kumene kwa alimi a ku Bvumbwe, waufa umene mayi ausungunula mowumira kuti ukwanire ana onse, kapena chambiko? Ambiri akamatero amanena mkaka wopepuka, wochotsedwa mafuta. Njira yoonera imene ndimaikhulupirira ndi iyi: tengani dontho pa nsonga ya burashi, mulikhudzitse m'mbali mwa kabotolo ka galasi. Likatsetsereka mosavuta n'kusiya kanjira ka mtundu koonekera pang'ono, penti wafika. Likaima pomwepo n'kumaganiza, akadali chambiko. Likathamanga osasiya mtundu uliwonse, mwapyoza. Wa burashi amafunika wolimbirapo kuposa pamenepa, woti mukakoka mzere, timikwasa ta ubweya wa burashi tizifafanizika tokha penti asanaume. Ndisanakhudze kandege ndimayesa kaye kumsana kwa sipuni ya pulasitiki, za tchipisi zija. Zambiri mwa izo n'zopangidwa ndi pulasitiki wa mtundu womwewo ndi tindege, ndipo poti n'zozungulira zimaonetsa msanga ngati penti ayenderere.

Koma ngakhale mutatakasa bwino, mutayeza ndi sirinji ya ku famase dontho ndi dontho, pali wina amene ali ndi mawu otsiriza, ndiye phirili. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo mphepo yonyowa yochokera ku nyanja ya mchere kudzera ku Mozambique ikafika apa imakwera, n'kuzizira, n'kutula chinyezi chake pa ife. Tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo amakhalira moyo chinyezi chimenechi. Penti ayi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chiperoni chikagwa, chifunga chimakhala masiku angapo osachoka, zovala pa chingwe siziuma, machesi amakana kuyaka. Tsiku lotere acrylic amachedwa kuuma chifukwa mpweya wakhuta kale madzi, sukufunanso ena. Mukapaka wamadzimadzi monga munachitira mwezi wathawu, amayenderera n'kukadikha m'makona ndi m'mizu ya mapiko. Kukazizira kwambiri, timadontho ta zomatira zake sitigwirana bwino, ndipo penti amauma wofooka, woti chikhadabo chimamukanda. Enamel naye ali ndi khalidwe lake. Iye sauma pongouluka thina, amalimba pogwirana ndi mpweya, ndipo kuzizira kumachedwetsa zimenezi. Amene m'chilimwe amalola kupakanso wina pamwamba mawa lake, m'chiperoni mungamudikire masiku awiri atatu akunandabe.

Choopsa kwambiri m'nyengo imeneyi chimagwera opopera. Thina wouluka msanga akamachoka amaziziritsa pamene wachokapo, monga mmene sipiriti amaziziritsira khungu. Mpweya ukakhala wonyowa, madzi amadikha pa penti wozizirayo asanaume, n'kutsekeredwa momwemo. Zotsatira zake ndi kambuu kotuwa pamwamba pa mtundu, makamaka pa vanishi womalizira. Kandege kamene mwakavutikira mwezi wathunthu kamadzuka kotuwa ngati kagona panja. Nthawi zina mukadikira tsiku ladzuwa n'kupopera vanishi wonyezimira mopepuka, kutuwako kumachoka, koma si nthawi zonse. Kompuresa, makina opereka mpweya ku airbrush, nayo imatunga madzi a mumpweya, moti ngati ilibe kabotolo kosefera madzi, imakulavulirani dontho pakati pa phiko mukuona.

Amene amazidziwa bwino zimenezi si ife a tindege, koma opopera galimoto. Pali bambo wina wachikulire amene amawongola ndi kupenta maminibasi kufupi ndi kwathu, ndipo tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Madala, thina mumathira wochuluka bwanji pa lita imodzi?" Anandiyang'ana, n'kuloza ndi chibwano ku nsonga ya phiri yotchedwa Chambe. "Achimwene, muyambe mwaona kaye uko. Chambe akabisala, ine mfuti yopopera sindigwira." Alibe chida choyezera chinyezi, alibe buku. Ndinaona kuti akasakaniza amakweza kamtengo kotakasira n'kumayang'ana mmene penti akutsikira, ngati ndi ulusi wosaduka kapena madontho, ndipo amachita zimenezi tsiku lililonse ngakhale chitini ndi cha dzulo lomwelo. Malangizo awo ndinawatenga mmene alili. M'miyezi yozizira ndimapenta pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, phiri likamaoneka, ndipo masiku achifunga ndi odula, kupala ndi kumata.

Okutobala amatembenuza zonse. Kumatentha, mpweya umauma, fumbi ndi phulusa la moto wa m'tchire zimalowa ngakhale mutatseka mawindo. Acrylic amauma pa burashi musanafike kumapeto a mzere, ndipo mukabwerezapo kuti musalaze, burashi imakoka kakhungu kamene kayamba kale kugwira n'kusiya mibulu. Pa airbrush amaumira pa nsonga ya singano, kupopera kumayamba kudukiza, kenako chimatuluka chiphathi. Mukaimira patali, timadontho timauma tili m'malere n'kufika pa kandege tili ufa, pamwamba n'kukhala pokhakhala. Mankhwala ake ndi kusungunula mopitirira mmene munachitira mu Juni, kuyandikira pafupi, kutsitsa mphamvu ya mpweya kufika pa 15 psi pa geji ya kompuresa kapena chapompo, ndi kupenta m'mamawa kusanatenthe. Amene ali ndi retarder, kamadzi kochedwetsa kuuma, dontho limodzi limakwana. Kwa a burashi pali kanjira kotsika mtengo: ikani kansalu konyowa m'mbale yafulati, pamwamba pake pepala lophikira makeke, n'kumasakanizira acrylic papepalapo. Chinyezi chimakwera pang'onopang'ono kuchokera pansi, ndipo penti amakhala wofewa ola lathunthu kapena kuposa.

Dzinja lili pakatikati, ndipo ndi losadalirika kuposa zonse. M'mawa dzuwa, 1 koloko mitambo yadzaza kale ku Lichenya pamwamba pa phiri, magetsi athima, kompuresa yaima, penti akuumira m'kachikho ka airbrush.

Za chosungunulira ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene kusowa kwa zinthu kumatikankhira ku zoyesayesa. Enamel amamvana ndi tapentaini wa m'sitolo za hadiweya, amene opaka nyumba amatsukira maburashi. Ameneyu amapezeka paliponse ndipo ndi chifukwa chake ndimati woyamba kumene kuno ayambire pa enamel, ngakhale amanunkha. Parafini amasungunula ndithu, koma ndi wamafuta, amachedwa kuchoka, ndipo penti wake amananda mpaka kutolera fumbi la nyumba yonse. Petulo musamuyandikize. Thina wa opopera galimoto ndi waukali, amadya pulasitiki ya tindege. Dontho lake likagwera pa phiko limasiya chipsera chofewa chimene sandipepa sangachikonze msanga. Akatswiri ena amapopera naye mopepuka kwambiri pamwamba pa pulaima, penti woyambira pansi, ndipo zimawayendera, koma pa burashi ndi kuwononga dala. Penti wa galimoto wosakaniza ndi hadena, mankhwala omulimbitsa, musiyeni kwa eni ake, chifukwa nthunzi yake imawononga mapapo ndipo kansalu kapamphuno sikateteza. Ngakhale tapentaini wamba, tsekulani zenera, ndipo mbaula ikhale kutali, ngakhale chiperoni chilume bwanji.

Acrylic ndiye amasokoneza anthu, chifukwa dzina ndi limodzi koma mitundu yake siimvana. Wa Tamiya ali ndi mowa m'kati mwake, n'chifukwa chake amanunkha motero, ndipo amasungunuka bwino ndi thina wake wa X-20A kapena sipiriti. Wa Vallejo ndi wa madzi, ndipo mukamuthira sipiriti wamphamvu amatha kugwirana n'kukhala ulimbo umene umatseka airbrush. Anthu awiri akhoza kukangana tsiku lonse, wina akuti sipiriti ndi wabwino pa acrylic, wina akuti ndi woipa, onse akunena zoona za mabotolo awo. Sipiriti wa m'magolosale, wapepo uja, ali ndi vuto linanso: utoto wake umalowa mu penti. Pa wakuda kapena wobiriwira simungaone, koma pa woyera mudzadabwa denga la ndege likuoneka ngati maluwa a jakaranda. Madzi nawo si onse. A m'mijigo ina ali ndi mchere, apampopi m'dzinja amabwera ndi timatope. Abwino ndi osungunulira batire amene amagulitsidwa pomwetsera mafuta galimoto, koma muwerenge botolo bwino, chifukwa asidi wa batire amaikidwa m'mabotolo ofanana nawo. Ndipo madzi ali ndi malire: mukachulutsa, zomatira zimatalikirana, penti amachita timadontho pa pulasitiki osayala, ndipo akauma amasupuka ndi tepi.

Pali mitundu ina imene ndi yovuta mwachibadwa. Woyera, wachikasu ndi wofiira sabisa za pansi, ndipo mtima umakuuza kuti upake wolimba kuti uthane nazo kamodzi. Pamenepo ndi pamene timizere tija timafera. Dakota yanga ndinaipatsa denga loyera ndi thupi lasiliva, monga zinkaonekera ndege zambiri zonyamula anthu zaka zimenezo. Woyerayo anafunika pulaima wotuwa pang'ono pansi pake, kenako kupaka mopyapyala kangapo, uliwonse kuudikira uume. Ulendo woyamba umaoneka wamawangamawanga, wonyansa, ndipo umafunika kuusiya choncho osaukonza. Wachiwiri umayamba kulonjeza. Siliva ali ndi khalidwe losiyana: tizitsulo take timatsikira pansi mofulumira kwambiri, moti umafunika kutakasa ngakhale uli pakati pa ntchito, apo ayi phiko lamanzere ndi lamanja zituluka zosiyana. Siliva amaululanso chilichonse, kachikanda ka sandipepa, chala chamafuta, katsitsi. Ndimatsuka tizidutswa ndi sopo wa mbale ndisanayambe, ndipo ndikapenta ndimavindikira ndi beseni lotsamiritsa pa timiyala kuti mpweya uzilowa koma fumbi ayi. Padzuwa musayanike. Pulasitiki imapindika, ndipo phiko lopindika silibwerera.

Ena amaganiza kuti mavuto onsewa amatha ukagula airbrush. Ine ndimaona kuti amangosintha nkhope. Kabowo kake ndi ka pakati pa 0.2 ndi 0.5 mm, ndiye kam'bulu kamene burashi ikanangokakankhira pambali kamatseka njira yonse. Penti wokalamba amafunika kusefa, ndipo kachidutswa ka sitokingi ya nayiloni kamagwira ntchito bwino kuposa sefa ya tiyi. Mphwanga wina amene amabwera kudzaonerera anandiuza kuti, "Amalume, ine ndidzayamba ndikadzagula makina ngati anuwa." Ndinamupatsa burashi yafulati yofewa, kachitini kamodzi ndi masipuni asanu. Kagalimoto ka Land Rover kochepetsedwa ka 35, kofanana ndi zimene zinkayenda m'minda ya tiyi, kamatheka bwinobwino ndi burashi ngati penti ndi wopepuka ndipo munthu akulola kupaka katatu. Pa msinkhu umenewu gawo limodzi mwa khumi la milimita ndi mamilimita atatu ndi theka pa galimoto yeniyeni, ndiye pali kampata kopumira kusiyana ndi pa kandege. Ndipo burashi siifuna magetsi.

Kusamala kachitini kumatalikitsa moyo wa penti kuposa china chilichonse. Musasungunulire m'kachitini momwemo, tungani pang'ono musakanizire pambali, chifukwa enamel wothiridwa thina n'kusungidwa amafulumira kuwonongeka. Pukutani mkombero musanatseke. Penti wouma pamkombero ndi amene amalepheretsa chivindikiro kukhala bwino, mpweya n'kumalowa, pamwamba n'kuchita chikhungu. Mukatseka, tembenuzani kachitini kamphindi kuti penti yemweyo amate mpata wotsala. Chikhungu chikachitika, chidule m'mbali n'kuchichotsa chathunthu, osachitakasira m'kati. Pansi pake nthawi zambiri penti amakhala akadali wamoyo.

Koma pali pofika pamene palibe chochita. Enamel amene wasanduka phalaphala wonjenjemera, woti mukathira tapentaini amangoduka zidutswa osasungunuka, ndiye kuti zomatira zake zalimba kale, ndipo sizibwerera. Acrylic wochita ulusi wotanuka ndi chimodzimodzi. Ameneyo mungamusefe mpaka kutopa, adzakuwonongerani kandege kamene munakadikira chaka kuti kafike. Ine ndimamusiya chitsekulire panja mpaka aume gwa, kenako n'kutaya. Tapentaini wotsukira maburashi ndimamusunga m'botolo lagalasi lotseka: pakapita masabata angapo zinyalala zimakhala pansi, wapamwamba woyera n'kumutsanulira m'botolo lina kuti atsukenso. Chithope chotsalacho chiume kaye nachonso, chisapite m'ngalande, chifukwa ngalande za kuno zimathera m'mitsinje imene anthu akumunsi amachapamo ndi kutungamo.